Kajumbo ka pa Mtengo wa a Yotamu

Mwezi uno chaka chakwana chiwaikire m'manda a Yotamu Mbewe, ndipo ndaona kuti ndikapanda kulankhula ine, bodza limera mizu. Sabata yatha, mu minibasi yochokera ku boma, ndinamva bambo wina wovala tayi akuuza anzake kuti pa boda pano panali nkhalamba yodziwa kulankhula ndi akufa. Ati galimoto yonyamula maliro ikakana kuyenda, mkuluyo ankangonong'oneza bokosi, malemu n'kuvomera. Ndinamufunsa ngati anawaonapo a Yotamu ndi maso ake. Anati ayi, koma anamva kwa munthu wodalirika. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine okala yanga ya zitenje yakhala moyang'anizana ndi mtengo wawo wa malaina zaka zoposa makumi awiri, ndipo tsiku limene anthu akulipotozali ndinalipo. Mayi amene ankati wakanidwa ndi malemu tsiku limenelo ndi akulu anga a Esinati, bere limodzi.

Ndisakunamizeni, a Yotamu sanali munthu wokoma kucheza naye. Anali wamtali, wowonda, wa ovolosi imene kale inali ya buluu. Moni ankayankha ndi chibwano. Galaja analibe, anali ndi mtengo uja, bokosi lachitsulo la masipanala, ndi limu ya thiraki imene ankakhalapo. Munthu akabwera ndi galimoto yovuta n'kuyamba kufotokoza, iwo ankamuimitsa ndi dzanja n'kumuuza kuti ailize kaye, ayambe yalankhula yodwalayo. Ankanena kuti injini siidziwa kunama, wonama ndi mwini wake. Ndinaonapo madalaivala a mathiraki, anthu oti ayenda mayiko ambiri, ataima pambali ngati ana a sukulu, manja kumbuyo, kudikira kuti mkuluyu athe kumvetsera. Ena ankachoka atakwiya, koma mawa lake ankabweranso.

Nzeru zawo zonse ankazimanga pa zinthu zitatu, ndipo anazinena kambirimbiri moti ngakhale ine wogulitsa nsalu ndinaziloweza. Ati injini imafuna moto, chakudya ndi mpweya, ndipo imene yalira n'kuzima yakuuza kale kuti moto ulipo, chatsala n'kufufuza ngati ili ndi njala kapena ikubanika. Ankanyansidwa ndi amakaniko ofulumira kugulitsa chipangizo chatsopano asanapeze vuto. Ankati ameneyo ali ngati munthu wogulira wodwala nsapato.

Ine ndi iwo tinayambana sabata yanga yoyamba pamalo pano. Anabwera pa okala n'kutola kachidutswa ka chitenje osapempha, ati akasefere petulo. Nditawafunsa ngati kwawo ku Chiosya amatero, anandiyankha kuti ndiyamike chifukwa nsalu zangazo tsopano zapeza ntchito. Kuyambira pamenepo tsiku silinkadutsa osatukwanizana pang'ono. Iwo ankati zitenje zanga zimasuluka munthu asanafike nazo kunyumba, ine ndinkati utsi wawo ukundithawitsira makasitomala. Koma tizidutswa tonse totsala ndinkawasungira m'katoni, ndipo iwo ankadziwa pamene katoniyo imakhala.

Nkhondo yawo yeniyeni inali ndi amuna ogulitsa petulo wa m'zigubu kuseri kwa masitolo. Pa boda aliyense amadziwa kuti mafuta akasowa kapena akadula pa pampu, kuseriko amapezeka. Ogulitsawo, kuti petulo asatayike m'njira, amaika kachidutswa ka jumbo pakamwa pa chigubu kenako n'kumanga chitsekero pamwamba pake. A Yotamu ankati kajumbo kameneko kapha magalimoto ambiri kuposa maenje a mumsewu. Akaona munthu akuthira mafuta otere opanda sefa, ankadzuka pa limu paja n'kukamulanda chigubu, kaya amudziwa kaya samudziwa. Ogulitsawo anawaopsezapo kuti adzawathyola miyendo. Iwo anangowauza kuti miyendoyo ndi yakale, ayambe ndi wakumanzere umene ukuwavuta kale.

Pa maliro awo chaka chatha, mlaliki anavutika kupeza chabwino chowanenera. Anazungulira, anatsokomola, mapeto ake anati malemuwa anali munthu wa maganizo akeake. Anthu ena anaseka chamumtima, ine ndinapsa mtima. Kumbuyo kwanga amayi awiri ankanong'onezana kuti tione ngati galimoto iyende, munthu wokana chilichonse ali moyo sangalole kupita kumanda mwaulemu. Sanadziwe kuti pikapu imene inaima panja kudikira bokosi inali iti, ndiponso kuti woyendetsa wake anali ndani. Za zimenezo ndifikako, ndiyambe ndanena za tsiku lija.

Akulu anga a Esinati anakwatiwa kwa Mlonyeni ndi a Filimoni Tembo, Mngoni wofatsa amene ankanyamula mtedza ndi fodya wa anthu pa pikapu yake yakale. Malowolo anaperekedwa onse, ng'ombe zinapita kwathu, ndiye mwa mwambo wa kumeneko ana atatu aja anali a kuchimuna, ndipo akulu anga ankakhala pamudzi wa amuna awo. Alamu anga atadwala mwadzidzidzi, akulu anga sanadikire msonkhano wa abale. Anawatengera kuchipatala cha kutsidya kwa malire, chimene kwa ife n'chapafupi, ndipo patapita masiku anayi a Filimoni anamwalira komweko. Mkulu wawo wa malemu, a Wedisoni Tembo, anayamba pomwepo kunena kuti mkazi ameneyu anathawitsa mbale wawo dala kuti akafere kutali ndi maso a abale.

Thupi linabwera pa galimoto ya kutsidya mpaka pa geti, mapepala anatha dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, ndipo bokosi analisamutsira m'pikapu ya malemu yomwe. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, ndipo manda kwa Mlonyeni anali atakumbidwa kale. Makiyi anali m'manja mwa a Wedisoni. Anamangirira nthambi zaziwisi kutsogolo monga timachitira pa maliro, ife amayi tinakwera kumbuyo kuzungulira bokosi, nyimbo inayamba. Galimoto inayenda pang'ono, kungodutsa pamene pamaima osintha ndalama, kenako inatsokomola n'kuzima. A Wedisoni anailiza. Inalira bwinobwino, n'kuzima. Anailizanso, inalira, inazima. Pofika kachinayi nyimbo inali itatha yokha.

Aliyense wokulira kuno amadziwa zimene anthu amaganiza galimoto ya maliro ikatero. Amati malemu akukana, pali chimene sichinawasangalatse, ndipo nthawi zambiri chimenecho amachipeza pa munthu amene wakwera nawo. A Wedisoni anatsika, anavula chipewa, n'kuima pafupi ndi bokosi.

"Filimoni, mng'ono wanga, takumva," anatero mokweza kuti onse amve. "Ngati pali munthu pano amene sukufuna kuyenda naye, tisonyeze."

Maso onse anatembenukira kwa akulu anga. Sanawatchule dzina, panalibe chifukwa. Amayi a kuchimuna amene anakhala moyandikana nawo anasendera kutali.

"Alamu, tatsikani kaye tione," anatero a Wedisoni.

Ine ndinawagwira dzanja kuti asatsike, koma akulu anga anali atalira masiku anayi, mphamvu yokana analibe. Anatsika n'kuima m'mbali mwa msewu. A Wedisoni anadikira kanthawi, anailiza, ndipo tsoka lake galimoto inalira n'kuyenda mwina mayadi khumi isanazimenso. Pamenepo panabuka phokoso. Wina anati mwaona, wina anati yazimanso chifukwa chikwama chake chikadali m'galimoto. Chikwama anachiponya pansi, zovala za malemu zochokera kuchipatala n'kumwazikira m'fumbi. Anthu a pa boda anali atadzadza, ma ejenti a katundu, a njinga za kabaza, madalaivala. A Wedisoni anauza akulu anga kuti agwade pamsewu pomwepo aulule chimene anamuchita mwamuna wawo, apo ayi atsala pano, kumanda sakapondako.

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Mkazi amene malemu amukana pamaso pa anthu sabwereranso pamudzi paja. Nyumba imapita, munda umapita, ana amatsala kwa abambo awo aakulu n'kumakula akumva kuti amayi awo ndi amene anapha abambo awo. Ndinakuwa, ndinatukwana, koma ndinali mkazi mmodzi wa kuchikazi pakati pa eni maliro. Akulu anga anali atayamba kupinda mawondo pamene ndinamva mawu aja kumbuyo kwanga.

"Mayi, imirirani. Phula likuotcha."

Anali a Yotamu, sipanala imodzi m'thumba la ovolosi, akupukuta manja pa kachidutswa ka chitenje changa. Sanapereke moni kwa aliyense, sanapepese maliro. Anapita kutsogolo kwa pikapu n'kusuntha nthambi zija kuti atsegule boneti.

"Akulu, izi si za masipanala," anatero a Wedisoni. "Izi ndi za pabanja. Malemu alankhula."

"Galimoto iyi ndaikonza zaka khumi, a Tembo. Mng'ono wanu ndinkamudziwa, sankalankhula kudzera m'kabuleta. Ilizeni ndimve."

Anthu ena anaseka, ena anati mkuluyu alibe ulemu. A Wedisoni anafuna kukana, koma khamu linali likuyang'ana, ndipo iwo ankakhulupirira kuti galimoto iwachitira umboni. Anailiza. A Yotamu anatseka maso n'kupendeketsa mutu. Injini inalira ngati kupuma katatu, n'kuzima.

"Moto ulipo," anatero. "Yafa ndi njala iyi."

Anachotsa chivindikiro cha pamwamba pa kabuleta, pamene petulo amasakanikirana ndi mpweya, anadonthezamo petulo pang'ono wa m'kabotolo, n'kuuza a Wedisoni kuti alizenso. Inalira mpaka madontho aja atatha, n'kuzima. Kenako anamasula paipi yobweretsa mafuta n'kuiloza pansi. Poliza, paipiyo inalavula petulo kamodzi, kawiri, kenako gwa. Anayang'ana sefa ya mafuta, inali yoyera. Ndiye anamasula paipi yochokera ku thanki, anaiika pakamwa n'kuuzira mwamphamvu mpaka tonse tinamva kubwata m'thanki kumbuyo. Atabwezeretsa, galimoto inalira nthawi yotalikirapo kuposa kale, n'kuzimanso. Akulu anga nthawi yonseyi anali chiimire patali, osayandikira, ndipo a Yotamu anaonetsetsa kuti anthu aona zimenezo.

"Mayi aja ali uko, chikwama chawo chili uko, nanga tsopano malemu akukana ndani?" anafunsa. Analavula petulo amene anawalowa mkamwa n'kuyang'ana a Wedisoni. "Muthankimu muli chinthu choyandama. Injini ikakoka mafuta, chimabwera kudzatseka paipi. Ikazima, chimachoka. Mukadikira nthawi yaitali chimapita kutali, n'chifukwa chake inayenda pang'ono mayi aja atatsika. Wathira mafuta m'mawa uno ndani?"

A Wedisoni anati zimenezo sizikukhudzana ndi nkhaniyi. A Yotamu anafunsanso, mawu omwewo, osakweza. Mmodzi wa osintha ndalama, munthu woti maliro sakumukhudza n'komwe, anati anawaona bambowa akugula chigubu kuseri kwa masitolo n'kuthira okha mothamanga. Nkhope ya a Wedisoni inagwa, komabe anaumirira. Anati ngakhale zitakhala choncho, ndani anachititsa kuti chinthucho chigweremo lero lomwe? Amayi a kuchimuna anavomereza. Ndinaona kuti sipanala yokha siwapulumutsa akulu anga, chifukwa munthu amene wasankha kale wolakwa sasowa poyambira.

A Yotamu nawo anaziona. Kutsitsa thanki kukanatenga maola awiri, dzuwa linali likuotcha bokosi, ndipo adzukulu ankadikira kumanda. Anapita pamtengo pawo n'kubwera ndi chigubu cha malita asanu cha petulo wawo wosefa, ndi paipi yaitali yoonekera mkati. Mbali imodzi anailumikiza pa pampu ya mafuta, anaidutsa m'mbali mwa boneti n'kuilowetsa pa windo la kutsogolo, mbali inayo n'kuiviika m'chigubu. Anati galimoto idzimwa m'chigubumu mpaka kumudzi, koma pafunika munthu wochigwira pamiyendo ndi kuonetsetsa kuti paipi isatuluke m'mafuta, chifukwa ikangotuluka injini izima. Amuna awiri anadzipereka. Iwo anawadutsa ngati sanawaone n'kupita pamene panaima akulu anga.

"Mayi, tolani zovala za amuna anu, mukakhale kutsogolo. Chigubu mugwira ndinu."

A Wedisoni analumpha. "Ameneyo sakwera! Mukufuna tigubuduzike m'njira?"

"A Tembo, mwanena nokha kuti malemu akumukana mayiyu," anayankha a Yotamu. "Ndiye tiyeni tiwafunse bwinobwino. Dontho lililonse lolowa mu injini lidutsa m'manja mwa mayiyu. Ngati mng'ono wanu sakumufuna, akane mafuta akewo, galimoto isalire, ine ndidzagwada pamsewu pano pamodzi naye. Koma ikalira, inu mukwera kumbuyo. Patseni makiyi."

A Wedisoni anagwira njakata, pokana panalibe, chifukwa muyeso unali wawo womwe. Akulu anga anakhala kutsogolo, anakumbatira chigubu. A Yotamu anakhala pa chiwongolero, analamula kuti aliyense wa fodya azimitse, anapopa mafuta ndi phazi kawiri n'kupotoza kiyi. Injini inakoka kanthawi, mafuta akukwera m'paipi tonse tikuwaona, kenako inalira. Tinadikira kupuma katatu kuja. Sinazime. Anaisiya ikulira nthawi yaitali dala, akuyang'ana a Wedisoni pa galasi, mpaka bamboyo anakwera kumbuyo n'kukhala pa tayala la sipeya pakati pa ife amayi.

Ulendo wa kwa Mlonyeni sindidzauiwala. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, galimoto inagunda dzenje, paipi inavuuka m'mafuta, injini n'kuyamba kutsokomola. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti malemu ayambanso. Pa galasi la kumbuyo ndinaona akulu anga akuikankhira paipi pansi ndi zala ziwiri n'kuigwira pomwepo, ndipo injini inabwerera m'malo mwake. Kuyambira pamenepo sanaisiyenso, petulo akuwathovokera pa chitenje, maso ali pa paipi. Amene anayambitsanso nyimbo ndi ine, ndipo ndinaiyimba mokalipa kuposa mmene nyimbo ya maliro imayenera kuimbidwira.

Titafika pasiwa, mudzi wonse unaona mkazi wamasiye akutsika kutsogolo, akununkha petulo, mkulu wa malemu akutsika kumbuyo. A Yotamu sanadikire kuti wina ayambe kufotokoza mwa njira yake. Anauza adzukulu amene anabwera kudzalandira bokosi, mokweza ngati akulankhula ndi ogontha, kuti thanki inatsekeka pa boda ndipo amene wabweretsa malemu kwawo ndi mkazi wawo, ndi manja ake. Kenako anakakhala pansi pa nkhokwe payekha, anakana mpando, anakana chakudya. Akulu anga anaponya dothi m'manda mwa amuna awo, ana awo atatu ali pambali pawo.

Patapita masiku awiri anaitsitsa thanki ija pansi pa mtengo wa malaina, ndipo anatumiza uthenga kuti a Wedisoni abwere ndi aliyense amene akufuna. Anakhuthulira mafuta mu beseni kudzera pa chitenje, ndipo pansalupo panatsala kachidutswa ka jumbo ya buluu, kozungulira, kokhala ndi mkombero wa chitsekero cha chigubu. Anakanyamula ndi zala ziwiri n'kukaonetsa aliyense payekhapayekha. Kenako anatenga msomali ndi hamala n'kukakhomera pamtengo, pamwamba pa limu yawo. A Wedisoni sanapepese, ndipo sanapepesepo mpaka lero. Anangotambasula dzanja kuti alandire makiyi. A Yotamu anati lamulo la pamtengo pawo ndi loti galimoto imabwezedwa kwa amene anaiyendetsa komaliza, ndipo amene anaiyendetsa ndi wogwira chigubu, iwo anangogwira chiwongolero. Makiyi anawaika m'manja mwa akulu anga anthu akuona. Pa msonkhano wa abale maliro atatha, nkhani yoti malemu anakana inasowa woiyambitsa.

Ndinapita kukawathokoza nditanyamula nsalu yathunthu, ya mtengo wapatali, osati zidutswa. Anaiyang'ana n'kunena kuti ndi yothina maso, singasefe petulo. Nditaumirira kuti mwatipulumutsira akulu anga, anakwiya ngati ndawatukwana.

"Naphiri, ine sindinachitire akulu anu. Anthu aja amanamizira injini. Injini ili ndi njala, iwo akuti ili ndi mzimu."

Ndinawasiya anene. Koma munthu wongoteteza injini sakanatha miyezi itatu akuphunzitsa mkazi wamasiye kuyendetsa galimoto pa bwalo la mpira, akumukalipira ngati akukalipira bulu, anthu akuseka m'mbali. A mpingo wawo anawaitana kuti afotokoze chifukwa chake ananyoza anamfedwa pamsewu. Anapita, anamvetsera, ndipo atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anafunsa ngati galimoto ya abusa inasiya kutaya oilo. Sanawaitanenso. Kwa Mlonyeni ena anasiya kuwabweretsera magalimoto, iwo anati zili bwino, mthunzi wachuluka.

Zaka zawo zomaliza zinali zowawa kuona. Maso anachita khungu pang'onopang'ono, ndipo magalimoto a masiku ano, oti amafuna kompyuta kuti anene chowavuta, ankangowadutsa. Ana awo anabwera kangapo kuti awatengere kumudzi ku Chiosya akapume. Anawauza kuti kumudzi kulibe chomvetsera koma mbuzi. Ankabwerabe m'mawa uliwonse ndi ndodo, n'kukhala pa limu paja, khutu lili kumsewu. Thiraki ikamadutsa ankanditchulira chimene chikuivuta, ndipo kangapo konse ndinaiona thiraki yomweyo itaima patsogolo, boneti ili yasa. Galu wamkota sakandira pachabe. Tsiku lina kajumbo kaja kanagwa ndi mphepo, iwo anamva kuti pamtengo pasowa phokoso lake, anandiitana kuti ndikafunefune. Ndinakapeza m'ngalande, anakakhomanso okha, mopapasa, n'kudzimenya chala ndi hamala.

Anadwala sabata imodzi yokha. Ndiye tsiku la maliro awo, pamene amayi aja ankanong'onezana kuti tione ngati galimoto iyende, bokosi linatuluka n'kuikidwa m'pikapu yakale ya a Filimoni, nthambi zaziwisi zili kutsogolo. Pa chiwongolero panakhala a Esinati Tembo, akulu anga, amene mpaka lero akukhala m'nyumba yawo kwa Mlonyeni, akunyamula mtedza wa anthu, ndipo ana awo onse anakulira pakhomo pawo. Abale ena a malemu anati sizinachitikepo mkazi kuyendetsa maliro a mwamuna. Akulu anga anawayankha kuti zinachitikapo kamodzi, iwo ndi amene anagwira chigubu. M'mawa umenewo mafuta anathira okha, kudzera pa chitenje. Anapotoza kiyi kamodzi, ndipo sitinaime paliponse mpaka ku Chiosya.

N'chifukwa chake zimandinyansa ndikamva kuti a Yotamu ankanong'oneza mabokosi. Munthu anauzira paipi ndi pakamwa pake, anamwa petulo anthu akuona, kuti atsutse bodza limodzi, lero mwamutenga n'kumusandutsa bodza lomwelo. Mukatero ndiye kuti mukunena kuti malemu anakanadi, ndipo akulu anga anali ndi mlandu umene mkuluyo anangowapepesera. Ayi. Analibe mlandu. Munali kajumbo m'thanki, ndipo anathira ndi a Wedisoni.

Mwezi wathawu lole ina ya maliro inazima pafupi ndi pamalo pomwe paja. Inalira, inazima, inaliranso, inazimanso. Ndinaona mitu ya anthu kumbuyo ikuyamba kutembenukira kwa mayi wina wachichepere wofunda chitenje kumutu. Maso anga anathamangira pamtengo mwachizolowezi, ndipo misozi inandibwera chifukwa panalibe woti adzuke. Ndinatseka okala, ndinadutsa msewu, ndinakaima pa windo la dalaivala n'kumufunsa mokweza kuti wathira mafuta m'mawa uno ndani. Kukonza sindidziwa, koma mitu ija inatembenuka n'kuyang'ana thanki, ndipo mayi uja sanatsike.

Pansi pa malaina paja tsopano ndi pambalambanda. Bokosi la masipanala anatenga ana awo, limu ija inapita ndi ogula zitsulo zakutha maliro asanathe n'komwe. Dothi ndi lakuda ndi oilo wa zaka zonsezi, mvula yagwa dzinja lonse koma udzu wakana kumerapo. Masana osintha ndalama amabisalapo dzuwa, ndipo mmodzi wa iwo tsiku lina anafuna kuchotsa kajumbo kaja kuti akolekepo chikwama chake pa msomali. Ndinamuthamangitsa ndi mita yanga yoyezera nsalu, anzake mpaka pano amanditcha wamisala. Kajumboko kanasuluka, buluu yense anatha, kakung'ambika m'mbali, koma mkombero wa chitsekero ukuonekabe. Katoni ya zidutswa za zitenje yadzadza pansi pa tebulo langa, palibe wobwera kudzatola osapempha. Ndimatsegula okala m'mawa, ndimayang'ana kutsidya kwa msewu, msomali ulipo. Wofuna kuuzula ayambe wabwera kwa ine.